Kiyibodi yathu inazima pakati pa nyimbo itagona m'galimoto usiku wachisanu: tiiteteze bwanji paulendo?

Woimba kiyibodi, Leicester

Moni nonse abale ndi alongo. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwayendapo ndi zida zoimbira m'nyengo yozizira, makamaka amene mumadziwa zam'kati mwa makiyibodi. Ine ndimaimba kiyibodi m'gulu la nyimbo zotamanda la Amalawi okhala kuno ku England, ndipo mwezi wa Januwale ukubwerawu taitanidwa kukaimba ku Manchester, ku Leeds, ku Glasgow ndi ku Aberdeen. Ulendo wonse utitengera masiku 6 pa galimoto imodzi yobwereka, anthu kutsogolo, katundu kumbuyo kumene sikufika kutentha kwa hita ngakhale pang'ono.

Chimene chandichititsa kulemba ndi zimene zinationekera chaka chatha paulendo wofanana ndi umenewu. Tinafika usiku kwambiri kunyumba kumene anatikonzera malo ogona, ndipo chifukwa cha kutopa tinagwirizana zosiya zida zonse m'galimoto, poti zitseko zinali zokhoma ndipo malowo anali otetezeka. Kutacha tinapeza magalasi a galimoto atayera mbee ndi chisanu, moti woyendetsa anayamba wapala kaye ndi kapulasitiki kuti aone njira. Tinafika ku holo titachedwa, anthu atakhala kale pa mipando, amayi ali kalikiliki kukhitchini ndi mapoto a nsima ndi ndiwo. Ndinatulutsa kiyibodi m'chikwama chake mofulumira, ndipo ndikukumbuka kuti pansi pake pomwe pali chitsulo panazizira moti zala zinachita dzanzi. Ndinangoiika pa choimikira chake, kulumikiza magetsi, n'kuiyatsa.

Zachilendo zinayambira pa sikirini. Ndikasintha mawu, zilembo zatsopano zinkabwera mochedwa, zakale zikuonekabe pansi pake ngati chithunzithunzi. Makiyi nawo ankabwerera mwaulesi, ndipo nditadutsitsa chala pamwamba pa mabatani, chalacho chinanyowa. Tili pakati pa nyimbo yachitatu, makiyi angapo oyandikana a kudzanja lamanzere anasiya kutulutsa mawu, ndipo posakhalitsa kiyibodi yonse inazima yokha. Tinamaliza chiyanjanocho ndi gitala ndi ng'oma basi. Tsiku lotsatira inayaka bwinobwino ngati palibe chimene chinachitika, kungoti kuyambira nthawi imeneyo batani limodzi limafuna kulikanikiza kawiri kapena katatu kuti limve.

Kiyibodiyi ndi ya makiyi 88 olemera, ndipo tinaigula ndi ndalama zimene mpingo unasonkherana kwa miyezi yambiri, choncho sindikufuna kuti idzafere m'manja mwanga. Anzanga m'gulu akupereka maganizo osiyanasiyana. Wina akuti tiziikulunga ndi mabulangete awiri ndipo igone m'galimoto momwemo, wina akuti tikafika tiziitsamiritsa pa hita kwa mphindi khumi, ndipo winanso akuti tiziiyatsa msanga kuti idzitenthetse yokha monga momwe injini ya galimoto imachitira. Kodi mwa njira zitatuzi ilipo yoyenera? Nanga kwenikweni chimene chinaizimitsa tsiku lija n'chiyani?

Mmisiri wokonza zida zoimbira, Johannesburg

Achimwene, pepani ndi zimene zinakuchitikirani, ndipo mwachita bwino kufunsa ulendo usanayambe. Ine ndimakonza makiyibodi ndi maampulifaya kuno ku Johannesburg, ndipo ngakhale kuzizira kwathu sikufika pa kwanuko, vuto limeneli ndimaliona chaka ndi chaka. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, kotero mu Juni ndi Julayi udzu umayera ndi chisanu m'mawa, ndipo mu Julayi 2023 kunagwa ngakhale chipale chofewa. Magulu oimba amene amapita ku Bloemfontein kapena ku Lesotho m'miyezi imeneyi amakumana ndi kuzizira koposa pamenepo, ndipo akabwerako ena amandibweretsera zida zokhala ndi zizindikiro ngati zimene mwafotokozazi.

Chimene chinazimitsa kiyibodi yanu si kuzizira ayi, koma madzi, ndipo madziwo anabwera pamene munailowetsa m'holo yofunda n'kuitulutsa m'chikwama nthawi yomweyo. Taganizirani botolo la chakumwa limene mwalitulutsa mufiriji n'kuliika pa tebulo masana a mu Okutobala kumudzi. Pakangopita mphindi ziwiri, botololo limachita thukuta mpaka kusiya chithaphwi pa tebulo, koma madzi amenewo sachokera m'botolo. Amachokera mu mpweya, chifukwa mpweya wofunda umanyamula nthunzi yambiri, ndipo ukakhudza chinthu chozizira nthunziyo imasanduka timadontho. M'chipinda chimene kutentha kuli pa madigiri 20 ndipo chinyezi chili pa 60 peresenti, chinthu chilichonse chimene chazizira kufika pansi pa madigiri 12 chimanyowa. Kiyibodi yanu inali itagona usiku wonse pafupi ndi digiri 0, ndipo munailowetsa m'holo yodzaza anthu amene akupuma ndi kuimba, makoti onyowa atapachikidwa m'mbali, mapoto akuwira kukhitchini. Madzi amene chala chanu chinakhudza pamwamba pa mabatani analinso m'kati monse, pa mabolodi oyenda magetsi ndi m'malo olumikizira mawaya, kumene nsalu singafike.

Ndifotokozeko zam'kati, chifukwa zikugwirizana ndi zimene munaona. Pansi pa kiyi iliyonse pali kalabala kokhala ndi timadontho ta kaboni timene timakhudza bolodi mukakanikiza, ndipo m'makiyibodi ambiri timakhala tiwiri, kuti makinawo ayeze nthawi ya pakati pa kukhudza koyamba ndi kwachiwiri n'kudziwa ngati mwaimba mwamphamvu kapena mofatsa. Makiyiwa alibe waya wakewake aliyense, koma amalumikizidwa m'magulu, gulu limodzi njira imodzi. Chinyezi chikasokoneza njira imodzi yokha, gulu lonse limakhala chete, ndipo n'chifukwa chake munataya makiyi angapo nthawi imodzi. Itauma usiku, njirayo inabwerera mwakale. Koma madzi akakumana ndi magetsi pa chitsulo amayambitsa dzimbiri mofulumira, ndipo ndikatsegula zida zoterezi ndimapeza tizinthu toyera kapena tobiriwira m'miyendo ya tizipangizo ta pa bolodi. Batani lanu lija limene likufuna kukanikiza kawiri n'kutheka kuti lili ndi dzimbiri lotere m'kati. Kulisintha si ntchito yodula, ndipo ndikanakonda kuti mmisiri wa kwanuko aitsegule musananyamuke, ayang'anenso ngati dzimbiri silinagwire malo ena.

Kuzizira pakokha kuli ndi zochita zake, koma zambiri mwa izo zimatha chidacho chikafunda. Sikirini ya LCD ili ndi timadzi tapadera pakati pa magalasi awiri, ndipo timadziti tikazizira timalemera n'kumachedwa kutembenuka, ndiye chithunzithunzi chimene munaona chija. Mafuta a girizi amene amapakidwa m'malo oyendera makiyi amalimba, choncho makiyi amabwerera mochedwa. Chimene sichibwerera ndi pulasitiki akasweka, pakuti pulasitiki wozizira kwambiri sapindika, amangothyoka, ndipo kiyibodi imene ikanapirira kugunda pa chitseko mu Julayi wa kwanuko ikhoza kung'aluka pakona ikagunda chitseko chomwecho mu Januwale. Makampani enieniwo amachenjeza za zimenezi. M'mabuku a malangizo a makiyibodi ambiri a Yamaha analembamo kuti anawayesa kuti amagwira ntchito bwino pakati pa madigiri 5 ndi 40, ndipo a Roland amalemba kuti chida chikachoka kumalo ena kupita kumene kutentha kapena chinyezi n'zosiyana kwambiri, chisiyidwe kwa maola angapo chisanayatsidwe, mpaka madzi onse ataumiratu.

Tsono pa njira zitatu za anzanu zija, yoiyatsa msanga kuti idzitenthetse yokha ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa ndiyo imene munachita chaka chatha. Kiyibodi imatulutsa kutentha kochepa zedi, kosakwanira kuumitsa kanthu, ndipo mukhala mukuyendetsa magetsi m'mabolodi onyowa. Yoitsamiritsa pa hita nayonso ndikuletsani, pamodzi ndi makina oumitsira tsitsi amene ena amagwiritsa ntchito, pakuti mbali imodzi imatentha kwambiri pamene m'kati mukadali mozizira, mapulasitiki amapindika, guluu amafewa, ndipo mpweya wofunda umene mukuukankhira m'katimo umakasiya madzi pa zitsulo zozizira. Za mabulangete, tikumbukire kuti bulangete silipanga kutentha. Munthu limamufunditsa chifukwa thupi lake limatulutsa kutentha, bulangete n'kumakusunga. Kiyibodi yozima ilibe kutentha kotulutsa, choncho bulangete limangochedwetsa kuzizira. Pa ulendo wa ola limodzi kapena awiri kuchokera m'nyumba yofunda limathandiza ndithu, koma ikagona panja usiku wonse, pofika m'mawa idzakhala itazizira chimodzimodzi.

Ngati yazizira kale, chitani izi. Ilowetseni m'holo ili m'chikwama kapena m'bokosi lake lotseka, ndipo musatsegule. Mpweya umene uli m'kati mwa bokosilo ndi wakunja uja, wozizira ndiponso wopanda nthunzi yambiri, ndiye madzi adzatsikira kunja kwa bokosi, kiyibodi n'kumafunda pang'onopang'ono ili youma. Ine ndimauza oimba kuti chikwama chofewa achisiye chotseka kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo bokosi lolimba lokhala ndi siponji yokhuthala, maola atatu kapena kuposerapo, chifukwa siponji imene imachedwetsa kuzizira imachedwetsanso kufunda. Mukatsegula, ikani chikhatho pansi pomwe pali chitsulo, osati pa makiyi. Pakakhala pozizirabe, tsekaninso. Koma ngati mwatsegula kale ndipo mwaona kuti yachita thukuta, musaibwezere m'bokosi, chifukwa mutsekera madziwo m'kati. Ipukuteni kunja, musailumikize ku magetsi, ndipo ikhale poyera kutali ndi khitchini mpaka iume.

Mayi wotsogolera kwaya, Glasgow

Mchimwene wanga wa ku Leicester, takulandirani kuno kwathu ngakhale musanafike. Zimene a mmisiri afotokoza ndi zoona ndipo ine ndaphunzirapo zambiri, koma ndikufuna kunena mosabisa kuti maola atatu amene akunenawo, paulendo ngati wanuwu simudzawapeza. Maholo ambiri amene ife timabwereka kuno amatsegulidwa patatsala ola limodzi kuti mwambo uyambe, wosunga makiyi a chitseko amabwera pa nthawi imene munalipira, ndipo m'ola limenelo muyenera kutsitsa katundu, kulumikiza masipika ndi kuyesa mawu. Onjezanipo za msewu. Mukachoka ku Leeds kubwera kuno, mwina mudzadutsa msewu wa A66, umene umatsekedwa kawirikawiri chipale chikagwa, kenako mudzakwera M6 ndi A74(M) m'mapiri a ku Beattock kumene magalimoto amayenda pang'onopang'ono kukazizira. Kuchoka kuno kupita ku Aberdeen ndi pafupifupi maola atatu nyengo ikakhala yabwino, ndipo kumayambiriro kwa Januwale dzuwa kumeneko limalowa 4 koloko isanakwane. Nthawi iliyonse imene mungakonze yodikira kiyibodi, msewu udzakulandani.

Choncho ife m'kwaya yathu tinasiya kufunafuna njira yoifunditsira, ndipo tinagwirizana kuti isamazizire n'komwe. Lamulo lathu ndi lakuti kiyibodi imagona kumene anthu agona. Kaya tafika 2 koloko usiku, anyamata awiri amainyamula kuilowetsa m'nyumba, ndipo timaigoneka pansi m'chipinda chochezera, kutali ndi hita ndiponso kutali ndi bafa. Masipika ndi zoimikira zimatha kutsala m'galimoto, koma kiyibodi, mikisa yosakanizira mawu ndi laputopu zimalowa. M'mawa imakhala yomaliza kukwezedwa, injini italira kale ndipo m'kati mutafunda, ndipo siikwera kumbuyo kwa katundu. Timaiika pakati pa mipando kumene kukukhala anthu, titaimanga bwino kuti isagubuduke woyendetsa akaponda mabuleki mwadzidzidzi. Zimatipanikiza miyendo, koma tikafika timaiyatsa patangopita mphindi zochepa. Tikaima panjira kuti tidye, timaifunditsa bulangete, ndipo pamenepo m'pamene bulangete limagwira ntchito yake, monga a mmisiri anenera. Palinso phindu lina: mukawerenga bwino mapepala a inshuwalansi ya zida zoimbira, nthawi zambiri pamakhala malamulo okhwima pa katundu wosiyidwa m'galimoto usiku.

Chinthu china chimene mudzakumane nacho kuno ndi matchalitchi akale a miyala, amene m'kati mwake mumazizira pafupifupi ngati panja mpaka anthu atadzaza. M'malo otere ena amabweretsa mahita a gasi oyenda ndi silinda, ndipo mahita amenewa amatulutsa nthunzi yambiri, moti pakutha pa mwambo mawindo onse amakhala akuchucha madzi. Musalole kuti hita yotere iikidwe pafupi ndi kiyibodi, ngakhale zala zanu zikhale zikuwawa ndi kuzizira. Kwa zala, magolovesi odula nsonga amathandiza. Mawaya nawonso amauma gwa akagona m'galimoto, ndipo mukawawongola mokakamiza chikopa chake chimang'ambika, ndiye muziyamba mwawalowetsa kuti afewe pamene mukutsitsa katundu wina. Samalaninso pansi pafupi ndi khomo, chifukwa nsapato za anthu zimalowetsa madzi osakanikirana ndi mchere umene amathira m'misewu, ndipo pedulo kapena adaputala ikakhala m'madzi amenewo imachita dzimbiri msanga.

Ndili ndi funso langa kwa a mmisiri. Kangapo konse, tikamaliza kuimba m'holo yodzaza n'kutsekera kiyibodi m'bokosi, kenako n'kuyenda maola awiri usiku, ndikatsegula kunyumba ndimapeza siponji ya m'chivundikiro ili yonyowa pang'ono, chonsecho bokosilo silinatsegulidwe panjira ndipo mvula sinaligwere. Madzi amenewa amachokera kuti?

Mnyamata woimba m'kwaya ya achinyamata, Thyolo

Akuluakulu, ndikupempha kuti nane ndiikepo mawu ngakhale kuti sindinaonepo chipale. Kuno kwathu kulibe chisanu choumitsa madzi, koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi kukabwera chiperoni, kumatha masiku atatu kapena anayi kuli nkhungu ndi mvula yowaza, zovala zosauma pa chingwe, ndipo kiyibodi yathu imavutika mofanana ndi momwe bambo a ku Leicester afotokozera. Ife tikaitanidwa kukaimba ku Mulanje kapena ku Phalombe timakwera lole yopanda denga m'bandakucha, kiyibodi tili nayo pamiyendo, ndipo pofika kumakhala kuti chitenje chimene taikulunga nacho chanyowa ndi nkhungu.

Vuto lalikulu limabwera pa mapemphero a usiku wonse amene amachitikira pabwalo. Ikamakwana 2 koloko kapena 3 koloko m'bandakucha, mame amatsika, ndipo makiyi amaterera ngati wina wawazapo madzi. Ndinaona kuti tikakhala pansi pa tenti, ngakhale yopanda makoma, kiyibodi sinyowa kwambiri, koma tikakhala poyera pansi pa thambo imanyowa msanga, choncho masiku ano sindivomera kuimba popanda chotchinga pamwamba, ndipo nthawi ya ulaliki ndimaifunditsa thaulo louma. Tikabwerera kunyumba, ndimaiika m'thumba lalikulu la pulasitiki pamodzi ndi mpunga wosaphika wa m'kathumba ka nsalu, chifukwa ndinamva kuti mpunga umayamwa chinyezi. Ndikufuna kudziwa ngati ndikuchita bwino. Funso lina ndi la mabatire, pakuti kumalo kopanda magetsi timagwiritsa ntchito batire la galimoto ndi inveta yosandutsa mphamvu yake kukhala magetsi ngati a m'nyumba, ndipo ndaona kuti usiku wozizira limatha msanga kusiyana ndi mu Okutobala.

Mmisiri wokonza zida zoimbira, Johannesburg

Mayi a ku Glasgow, njira yanu ndi yabwino kuposa yanga, ndipo achimwene a ku Leicester atsate yanuyo, yangayo ikhale ya tsiku limene zinthu zalakwika. Funso lanu la siponji yonyowa ndi nkhani yomwe ija ya botolo, kungoti yatembenuka. Pamene mukutseka bokosi kumapeto kwa mwambo, mumatsekeramo mpweya wa m'holo umene uli wofunda ndiponso wodzaza nthunzi ya anthu onse aja. Bokosilo likazizira panjira, mpweya wa m'katiwo sungathenso kusunga nthunzi yonseyo, ndipo imatsikira pamalo amene ayamba kuzizira, omwe kawirikawiri ndi chivundikiro. Madziwo ndi ochepa, koma zikamachitika usiku uliwonse kwa sabata yathunthu, siponji imakhala yonyowa ndipo kiyibodi imagona m'chinyezi. Ngati n'kotheka, muzitsekera bokosi m'khonde kapena pafupi ndi khomo kumene mpweya uli wozizirirapo, anthu atatuluka ndipo zitseko zitatsegulidwa. Mukafika kunyumba ndipo bokosi lafunda, litseguleni, mutulutse kiyibodi, ndipo bokosilo ligone lotsegula kuti liume.

M'bokosimo muziikamo timapaketi ta silica gel, timikanda tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano, koma mugule mapaketi akuluakulu chifukwa kamodzi kakang'ono sikangathandize bokosi la makiyi 88. Ilipo mitundu ina imene imasintha mtundu ikakhuta madzi, kuchoka ku olenji kupita kobiriwira, ndipo mukhoza kuiumitsanso mu uvuni pa moto wochepa, pafupifupi madigiri 100 mpaka 120, potsata malangizo a pa paketi yake.

Kwa iwe mng'ono wanga wa ku Thyolo, zimene waona za tenti ndi zoona, chifukwa chinthu chimene chili poyera usiku chimataya kutentha kwake kuthambo n'kuzizira kuposa mpweya wozungulira, ndiye mame amatsikirapo. Pitiriza kukana kuimba popanda chotchinga. Koma mpunga usiye, pakuti umayamwa chinyezi chochepa kwambiri, umatulutsa fumbi limene limalowa pansi pa makiyi, ndiponso umaitana anankafumbwe ndi makoswe amene amatafuna mawaya. Thumba la pulasitiki n'labwino pa lole, kuti nkhungu isafike pa kiyibodi, ndipo uziliika pamwamba pa chitenje chouma. Koma kutsekera kiyibodi yonyowa m'thumba lotere kunyumba n'kuisungira madzi ake omwe. Iume kaye poyera m'chipinda chodutsa mphepo, ndipo ukapeza silica gel m'mashopu ogulitsa nsapato kapena zamagetsi, uzisonkhanitsa.

Za mabatire, onse amafooka kukazizira chifukwa mphamvu yake imachokera ku mankhwala amene amagwira ntchito mochedwa akazizira, choncho batire la galimoto lija usamaliike pa simenti kapena pa udzu wonyowa, uziliika pa thabwa n'kulitchinga ku mphepo, koma osalitsekera mopanda mpweya. Kwa inu a ku Britain, chofunika kwambiri n'chakuti mabatire a lithium-ion, amene ali mu laputopu, m'mafoni ndi m'masipika ena oyenda nawo, sayenera kutchajidwa akazizira kufika pansi pa digiri 0, chifukwa amawonongeka m'kati mosabwerera. Ayambe afunda kaye. Adaputala ya kiyibodi nayonso muziisamala mofanana ndi kiyibodi yeniyeniyo, osaiponya kumbuyo ndi mawaya, chifukwa ndiyo imalandira mavoti 230 a pakhoma, ndipo ikanyowa m'kati ngozi yake ndi yaikulu. Pomaliza, achimwene, musananyamuke koperani masitayelo ndi mawu onse amene munakonza pa kafulashi ka USB, n'kukasunga m'thumba la jekete. Makiyibodi ena, makamaka akale, amasunga zinthu zimenezi ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, ndipo kakakhala kuti kanatha kale mphamvu, usiku umodzi wozizira ukhoza kukamalizitsa.

Woimba kiyibodi, Leicester

Zikomo kwambiri a mmisiri, mayi a ku Glasgow, ndi iwe mng'ono wanga wa ku Thyolo. Dzulo pokonzekera nyimbo ndinawerengera anzanga mayankho anu onse, ndipo tagwirizana kuti kiyibodi, mikisa ndi adaputala zizigona m'nyumba ndiponso ziziyenda kumene kwakhala anthu. Titayeza, tinapeza kuti kuti kiyibodi ikwane pakati pa mipando, anthu awiri ayenera kutsika, choncho mlongo wina wadzipereka kubwera ndi galimoto yake yaing'ono kuti anyamule awiriwo. Ndalankhulanso ndi abusa amene akutilandira ku Aberdeen, ndipo avomera kupempha kuti holo itsegulidwe maola awiri mwambo usanayambe, komanso kuti chitseko cha kukhitchini chizikhala chotseka pamene amayi akuphika.

Loweruka lino ndikupita nayo kwa mmisiri wa kuno kuti akasinthe batani lija ndi kuyang'ana dzimbiri pa mabolodi, ndipo ndikamupempha kuti aonenso ngati ili ndi kabatire kozungulira kaja. Chimene chatsala ndi chikwama, chifukwa chathu ndi chofewa ndipo zipi yake inayamba kumasuka mbali imodzi. Mayi a ku Glasgow, ngati bokosi lanu ndi la makiyi 88, ndikupempha mundiuze kulemera kwake kiyibodi ili m'kati, kuti ndidziwe ngati anyamata awiri angakwanitse kukwera nalo masitepe a nyumba zosanjikizana za kwanuko usiku.